Lamulo la kuchotsa mimba m'Malawi: zimene limanena, amene akufuna lisinthe ndi amene akuliteteza

Chiyambireni pamene bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre linapereka chigamulo mu Okutobala 2025 pa mlandu wa mtsikana wa zaka 13 amene anapatsidwa mimba mogwiriridwa nakanizidwa kuichotsa pachipatala china cha boma, nkhaniyi yakhala ikuyenda mosokonekera kuno ku Mangochi. M'magulu a pa WhatsApp, m'maminibasi a ku Monkey Bay ndi ku Namwera, ngakhalenso pamaliro, ena akuti khoti lalola kuti aliyense azichotsa mimba mmene wafunira, pamene ena akuti palibe chasintha ndipo wachipatala aliyense amene angayerekeze dala adzaona ndende. Zonse ziwirizi si zoona. Chimene chikusokoneza anthu n'chakuti nkhaniyi siili m'lamulo limodzi ayi, koma yamwazikana m'malamulo angapo amene analembedwa m'zaka zotalikirana kwambiri, ndipo Nyumba ya Malamulo, imene ikanatha kuwalumikiza, inakana kuikambirana mu 2021. Aphungu ataisiya, mkangano unasamukira kumakhoti, kumabwalo a mafumu, kumizikiti ndi kumatchalitchi, komanso kumaofesi a mabungwe akunja amene amapereka ndalama za zaumoyo.

## Mawu amene amasakanizidwa

M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku timasiyanitsa bwino kupita padera ndi kuchotsa mimba. Kupita padera ndi pamene mimba yachoka yokha popanda woichititsa, ndipo palibe lamulo limene limalanga mayi chifukwa cha zimenezi. Kuchotsa mimba, kumene ena amati kutaya mimba kapena kuchotsa pakati, ndi pamene munthu wachita dala kuti mimbayo isapitirire. Pakamwa kusiyanaku n'kosavuta, koma m'chipinda cha chipatala sikuoneka msanga, chifukwa mayi amene wapita padera ndi amene wamwa mankhwala amafika akutaya magazi mofanana, ndipo thandizo limene amafunika n'limodzi.

Akatswiri a zaumoyo amaonjezera mawu ena akuti kuchotsa mimba mosatetezeka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kumeneku ndi kuchotsa kochitidwa ndi munthu wopanda luso loyenera, kapena kochitikira pamalo opanda ukhondo ndi zipangizo zokwanira, kapena zonse ziwiri. Mawu amenewa sakunena ngati chinthucho n'chololedwa ndi lamulo kapena ngati n'choyenera pamaso pa Mulungu; akungonena za kuopsa kwake pa thupi. Palinso mawu akuti bilu, amene amamveka kawirikawiri pa wailesi. Bilu ndi lamulo longoganiziridwa, lolembedwa papepala koma losavomerezedwa, ndipo imasanduka lamulo pokhapokha aphungu ataivomereza, Pulezidenti naisainira. Tingaiyerekeze ndi chitomero: mawu aperekedwa, koma ukwati sunamangidwe.

## Zimene lamulo la 1930 limanena

Lamulo lalikulu la milandu ndi zilango zake, lotchedwa Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo ndime zake zokhudza kuchotsa mimba zinatengera lamulo la ku England la 1861. Ndime 149 imati munthu amene wapereka mankhwala kapena kugwiritsa ntchito njira ina iliyonse ndi cholinga chochotsa mimba ya mayi angakhale m'ndende zaka 14. Ndime 150 imakhudza mayi mwini wakeyo, amene chilango chake chingafike zaka 7, ndipo ndime 151 imapereka zaka 3 kwa amene wagulitsa kapena kupezera wina mankhwala kapena chipangizo akudziwa chimene akachite nacho. Zaka zimenezi ndi malire a pamwamba, kutanthauza kuti woweruza angapereke chilango chocheperapo.

Ambiri amalekera pamenepa, koma m'buku lomwelo muli ndime 243, imene ndiyo phata la mkangano wonse. Ndimeyi imati munthu sakhala ndi mlandu ngati wachita opaleshoni pa mwana wosabadwa pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, malinga ngati wachita zimenezo ndi mtima woona, mosamala ndi mwaluso, ndiponso ngati kutero kunali koyenera poona mmene wodwalayo analili. Choncho si zoona kuti Malawi amaletsa kuchotsa mimba kotheratu. Khomo lilipo, kungoti lamulolo silinena kuti ndi lalikulu motani.

Funso limene lavutitsa maloya kwa zaka zambiri n'lakuti kodi kupulumutsa moyo kumatanthauza chiyani. Kodi dokotala adikire mpaka mayi akhale kayakaya, kapena angachitepo kanthu akaona kuti mimbayo imuwononga thupi kapena maganizo mpaka kalekale? Ku England anakumana ndi funsoli mu 1938, pamene dokotala wina dzina lake Aleck Bourne anachotsa mimba ya mtsikana wa zaka 14 amene anagwiriridwa ndi asilikali, nauza yekha apolisi kuti khoti liweruze. Woweruza anafotokoza kuti dokotala amene akukhulupirira moona kuti mimbayo isandutsa mayi bwinja m'thupi kapena m'maganizo angatengedwe kuti akupulumutsa moyo wake, ndipo Bourne sanapezeke wolakwa. A ku Britain anasintha lamulo lawo mu 1967, patangotha zaka zitatu Malawi atalandira ufulu wodzilamulira, koma ife tinatsala ndi mawu akale aja. Ndime 243 imakambanso za opaleshoni yokha, popeza mu 1930 kunalibe mapiritsi amene madokotala amagwiritsa ntchito lero, ndiye ngakhale pamenepa pamafunika womasulira.

## Womasulira wa tsiku ndi tsiku

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba m'mawa pachipatala chaching'ono cha m'dera la Makanjira, kumene ulendo wopita kuchipatala chachikulu cha paboma umatenga maola angapo, makamaka m'dzinja msewu ukadukaduka. Mayi wina walowa ndi mwana wake wamkazi wa Sitandade 7, wafunyulula kabuku ka kuchipatala kamene anakakulunga m'pepala la pulasitiki, n'kunena motsitsa mawu kuti: "Adokotala, mwanayu anamuchita zoipa munthu wamkulu wa m'mudzi mwathu, ndipo papita miyezi iwiri osasamba. Tithandizeni." Amene akutchedwa adokotalayo nthawi zambiri amakhala wothandizira dokotala kapena namwino, ali yekha, panja pali mzere wa odwala malungo, ndipo m'mutu mwake muli zaka 14 za ndime 149. Palibe loya pafupi woti amufunse ngati mantha a mwanayu, kapena chiuno chake chosakhwima, zikulowa m'mawu akuti moyo. Chapafupi kwa iye n'kulemba mwanayo m'kaundula wa sikelo ya amayi oyembekezera.

Apa m'pamene lamulo limagwirira ntchito kwenikweni. Wachipatala wina angakane chifukwa cha chikhulupiriro chake, wina chifukwa cha mantha chabe, ndipo kwa mayi uja zonsezi zimamveka chimodzimodzi. Banja lopeza bwino limakafuna thandizo kutauni mwakachetechete. Banja losauka limabwerera kumudzi, kumene ena amasunga mimbayo mpaka mwana kubadwa, ndipo ena amapita usiku kwa munthu wodziwika m'deralo amene amagwiritsa ntchito zitsamba, kamtengo ka chinangwa kapena sopo waufa wochapira, njira zimene zimabowola chiberekero ndi kuoletsa m'mimba.

## Ziwerengero ndi mmene zinapezekera

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa bungwe la Guttmacher Institute la ku America mogwirizana ndi sukulu ya zachipatala ya College of Medicine ku Blantyre, amene anatuluka mu 2017. Iwo anayerekeza kuti m'chaka cha 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, kutanthauza 38 pa amayi 1,000 alionse a zaka 15 mpaka 49, ndiponso kuti amayi 60 mwa 100 alionse amene anachotsa mimba anakumana ndi zovuta zofunika chipatala, koma mmodzi mwa atatu mwa iwowa sanalandire thandizolo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 amamwalira pa zifukwa za uchembere pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndipo ofufuza amati kuchotsa mimba mosatetezeka kumachititsa pakati pa 6 ndi 18 mwa imfa 100 zilizonse zoterezi.

Chiwerengero cha 141,000 si cha m'kaundula, pakuti palibe amene amakalembetsa chinthu chimene ndi mlandu. Ofufuza anawerenga amayi amene anafika m'zipatala ndi zovuta, nachotsapo amene akuganiziridwa kuti anangopita padera, kenaka nafunsa anthu odziwa za umoyo kuti pa mayi mmodzi wofika kuchipatala pamakhala angati osafika. Zili ngati kuyerekeza usipa wa m'nyanja poona umene wayanikidwa pa thandala. Njirayi imagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, koma otsutsa amati ziwerengero zake zimakokomezedwa ndi mabungwe amene anasankha kale mbali, pamene ofuna kusintha amayankha kuti mabedi a m'mawodi a amayi ndi umboni woti aliyense angathe kukauona. Kuno kwathu ku Mangochi, boma la anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, akuluakulu a zaumoyo analengeza mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kuti atsikana oposa 7,000 anatenga mimba pakati pa Januwale ndi Juni.

## Bilu imene sinafike pokambidwa

Mu 2013 bungwe lounika malamulo la Malawi Law Commission linakhazikitsa komiti yapadera yoona lamulo la kuchotsa mimba, motsogozedwa ndi Justice Esme Chombo, ndipo m'komitimo munali madokotala, maloya, mfumu, ndi nthumwi za Akhristu ndi Asilamu. Mu 2015 komitiyi inatulutsa zotsatira zake pamodzi ndi bilu yotchedwa Termination of Pregnancy Bill. Biluyi sinafafanize mlandu wa kuchotsa mimba, koma inatchula poyera zifukwa zinayi zimene chipatala chingathandizire mayi: pamene mimba ikuopseza moyo wake, pamene ikuwononga thanzi la thupi kapena la maganizo ake, pamene mwana wa m'mimbayo ali ndi chilema chachikulu choti sangakhale ndi moyo, ndiponso pamene mimbayo yabwera chifukwa cha kugwiriridwa, kugonana pachibale kapena kugona ndi mwana wamng'ono, malinga ngati sinapitirire masabata 16. Komitiyi inakana kuti mayi azichotsa mimba pongofuna kapena chifukwa cha umphawi, ndipo inalola kuti wachipatala amene chikumbumtima chake chikukana asakakamizidwe, bola atumize mayiyo kwa wina.

Boma silinaitengere biluyi ku Nyumba ya Malamulo. Pa 6 Disembala 2016, bungwe la maepiskopi a Katolika ndi la Evangelical Association of Malawi anatsogolera zionetsero zotsutsa biluyi pamodzi ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Patapita zaka, phungu wa Chiradzulu West panthawiyo, a Matthews Ngwale, amene analinso wapampando wa komiti ya zaumoyo m'Nyumbayi, anayesa kuibweretsa ngati bilu ya phungu payekha. Njira imeneyi imafuna kuti Nyumba iyambe yalola phunguyo kubweretsa bilu yake, ndipo mu Malichi 2021 aphungu anakana pa sitepe yoyambayi. Ndiye kunena kuti anaikana ataiwerenga ndime ndi ndime n'kulakwitsa, chifukwa anaibweza ili pakhomo. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Phungu wa dera ngati Mangochi amadziwa kuti Lachisanu kumzikiti ndi Lamulungu kutchalitchi anthu ake adzamva mmene anavotera, ndipo chisankho sichichedwa kubwera.

Otsutsa biluyi ali ndi mfundo zimene ziyenera kumveka mmene iwo amazinenera. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti moyo wa munthu umayamba pamene mayi watenga pathupi, ndiponso kuti mwana wosabadwa alibe mlandu ngakhale bambo wake atakhala wogwiririra. Amatchula ndime 16 ya malamulo oyendetsera dziko lino, imene imati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ngakhale ndimeyo sinena ngati mwana wosabadwa akuwerengedwa. Amaopanso kuti mawu akuti thanzi la maganizo ndi otanuka ngati legeni, moti pakapita nthawi chifukwa chilichonse chidzalowamo, ndipo amati ndalama zikanapita kokonza zipatala za uchembere, kulanga ogwiririra ndi kuthandiza atsikana kulera ana. Pakati pa Asilamu, amene ndiwo ambiri m'boma lino, akatswiri a chiphunzitso amagwirizana kuti moyo wa mayi ukakhala pangozi uyenera kupulumutsidwa, koma amasiyana pa masiku oyambirira a mimba. Ena, potengera chiphunzitso chakuti mzimu umauziridwa pakatha masiku 120, amalola pa chifukwa chachikulu nthawiyo isanakwane, pamene ena amaletsa kuyambira pachiyambi pomwe.

## Kampeni yoyambira kumudzi

Ngakhale bilu isanalembedwe, ofuna kusintha anali atazindikira kuti phungu sagwedezeka ngati omuvotera sanagwedezeke, ndipo zimene zinachitika mu 2021 zinangotsimikiza zimenezo. Apa m'pamene pamachokera ntchito imene mabungwe amaitcha kampeni yoyambira kumudzi, kutanthauza kuyamba ndi anthu wamba, mafumu, aphunzitsi, azamba ndi achinyamata m'malo moyamba ndi nduna ku Capital Hill. Mgwirizano wodziwika kwambiri ndi wa Coalition for the Prevention of Unsafe Abortion, umene anthu amangoti COPUA, wosonkhanitsa mabungwe a zaumoyo, a ufulu wa amayi, maloya ndi atolankhani, ndipo bungwe la Ipas lakhala likuuthandiza. Bungwe la Nyale Institute limagwira kwambiri mbali ya malamulo ndi milandu, pamene la Centre for Solutions Journalism limaphunzitsa atolankhani ndi atsogoleri a m'madera.

Dzina la mgwirizanowu likuonetsa kale njira yawo. Sanadzitche omenyera ufulu wochotsa mimba, koma ofuna kupewa kuchotsa mimba mosatetezeka, chifukwa pabwalo la mfumu mawu akuti thupi ndi langa, amene amamveka m'zionetsero za ku America, sapita patali. Msonkhano woterewu ukachitika pansi pa mtengo wa mango, wotsogolera nthawi zambiri sayamba ndi lamulo. Amayamba wapereka ulemu kwa amfumu, ashehe ndi abusa, kenaka n'kufunsa kuti ndani pagulupo amene anaikapo maliro a mtsikana amene anthu ankangoti anadwala m'mimba mwadzidzidzi. Pamakhala kaye zii, kenaka mayi wachikulire wa kumbali ya amayi amayamba kulankhula maso ali pansi, ndipo nkhani imene imangonong'onedwa pamjigo imafika pagulu. Mbali ina ya ntchitoyi imachitikira m'zipatala, kumene anamwino ndi madokotala amakhala pansi kusinkhasinkha kusiyana kwa chikhulupiriro chawo ndi udindo wawo pantchito, ina pa mawailesi a m'madera, ina m'magulu a achinyamata.

Koma kungakhale kulakwa kuganiza kuti kampeni yoyambira kumudzi ili mbali imodzi yokha. Kunena zoona, uthenga wa otsutsa ndiwo uli ndi njira zopondedwa kale, popeza Akatolika ali ndi miphakati, a CCAP ali ndi amayi a Mvano, Asilamu ali ndi madrasa ndi magulu a amayi a dawa, ndipo onsewa amakumana sabata ndi sabata popanda alawansi. Kalata ya maepiskopi imawerengedwa m'matchalitchi onse tsiku limodzi, ndipo Radio Maria, imene likulu lake lili konkuno ku Mangochi, imamveka m'nyumba zambiri. Mbali zonse ziwiri zimanenana kuti zikutumidwa ndi azungu. Mabungwe ofuna kusintha amadaliradi kwambiri ndalama zakunja, ndipo otsutsa nawonso ali ndi abwenzi awo kunja, koma kumbali iliyonse kuli Amalawi amene amakhulupirira zimene akunenazo ndi mtima wonse.

## Pamene nkhani inafika kukhoti

Mu 2013 munabwera lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la Gender Equality Act. Ndime 19 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo lokwanira pa nkhani za uchembere, ndiponso wosankha kukhala ndi mwana kapena ayi, koma imaonjezera kuti ufulu wosankhawu uyenera kutsata malamulo ena olembedwa. Ndime 20 imalamula wachipatala kufotokozera wodwala zonse zofunika kuti asankhe bwino. Otsutsa amati malamulo ena amene akunenedwawo ndi Penal Code, ndiye palibe chatsopano. Ofuna kusintha amati Penal Code yomweyo ili ndi ndime 243, ndiye mayi ali ndi ufulu wouzidwa za ndimeyo ndi kuunikidwa ngati ikumukhudza.

Mu 2021, mtsikana wa zaka 15, amene khoti linamubisa dzina n'kumutcha CM, anakasuma pa nkhani yokhudza chipatala cha Queen Elizabeth. Mlandu wake sunapitirire chifukwa khoti linaona kuti panalibe umboni woti iye anapempha kuchotsa mimba nakanizidwa, koma chigamulocho chinatchula thanzi la thupi ndi la maganizo ngati zinthu zoyenera kuunikidwa, ndipo maloya anatolapo phunziro. Mlandu wa 2025, wa mtsikana wa zaka 13 uja, amene khoti linamutcha AC, unabwera ndi chimene chinasowa pa woyamba uja: iye anapemphadi, ndipo wachipatala anakana poopa lamulo. Justice Mike Tembo anagamula kuti kumukaniza kunaphwanya ufulu wake wa m'lamulo la 2013, ndipo analamula Unduna wa Zaumoyo kukonza malangizo ake a 2020 kuti ogwira ntchito m'zipatala adziwe bwino chochita akalandira mwana amene watenga mimba mogwiriridwa.

Chigamulochi sichinafafanize ndime 149, 150 ndi 151, ndipo sichinasandutse bilu ija kukhala lamulo. Chinamasulira malamulo amene alipo kale pa gulu limodzi la anthu, ana ogwiriridwa. Chigamulo cha bwalo lalikulu chimamanga makhoti ang'onoang'ono, koma chingasinthidwe ndi bwalo la apilo la Supreme Court, ndipo Nyumba ya Malamulo ingathenso kulemba lamulo lochepetsa kapena lokulitsa khomolo. Ufulu wopezeka m'njira imeneyi uli ngati nyumba ya m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, imene kulimba kwake kumadalira pamene madzi afike chaka chimenecho. Otsutsa nawo amadandaula kuti nkhani yaikulu chonchi ikugamulidwa ndi woweruza mmodzi m'malo mwa aphungu osankhidwa ndi anthu.

## Zochokera kunja kwa malire

Malawi anavomereza mu 2005 pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa amayi, lotchedwa Maputo Protocol chifukwa linakhazikitsidwa mumzinda wa Maputo mu 2003. Ndime 14 ya panganoli imapempha mayiko kulola kuchotsa mimba kuchipatala pa zifukwa zofanana kwambiri ndi za bilu ija. Koma ndime 211 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati pangano lakunja limakhala lamulo la m'dziko pokhapokha Nyumba ya Malamulo italikhazikitsa, ndiye mayi sangalitenge ngati chiphaso chopita nacho kuchipatala, ngakhale oweruza angaliyang'ane pomasulira malamulo athu.

Anansi athu anatenga njira zosiyana. Munthu akangodutsa pachipata cha Chiponde kulowa ku Mandimba, wafika m'dziko la Mozambique, limene lamulo lake la 2014 limalola mayi kuchotsa mimba popempha yekha m'masabata 12 oyambirira. Ku South Africa, ku Joni kumene anyamata ambiri a boma lino amakasaka maganyu, lamulo la 1996 limalolanso chimodzimodzi. Zambia ili ndi lamulo la 1972 lolola pa zifukwa zingapo, koma limafuna kuti madokotala atatu asainire, chinthu chovuta kumidzi kumene ngakhale mmodzi amasowa.

Nkhani ya ku America imatikhudza pawiri. Choyamba ndi makhoti. Mu 1973 khoti lalikulu la kumeneko, pa mlandu wa Roe v. Wade, linagamula kuti kuchotsa mimba ndi ufulu wotetezedwa ndi malamulo oyendetsera dzikolo, koma pa 24 Juni 2022 khoti lomwelo, lili ndi oweruza ena, linafafaniza chigamulocho pa mlandu wa Dobbs n'kusiyira chigawo chilichonse kudzipangira lamulo, ndipo zigawo zoposa 10 zinaletsa pafupifupi kotheratu. Chigamulo chimenechi sichigwira ntchito m'Malawi, koma chinalimbitsa mtima otsutsa ndi kukumbutsa ofuna kusintha kuti chimene khoti lapereka, khoti lingalande ngakhale patapita zaka 49. Ku Argentina anadzera njira ina: amayi ovala timipango tobiriwira anachita kampeni kuyambira 2005, analephera kunyumba ya malamulo mu 2018, napambana komweko mu Disembala 2020.

Chachiwiri ndi ndalama. Mu 1984 Pulezidenti Ronald Reagan anayambitsa ndondomeko ya Mexico City Policy, imene imati bungwe la kunja kwa America lolandira ndalama zawo lisachotse mimba kapena kutumiza mayi kokachotsa, kupatula pa nkhani ya kugwiriridwa, chibale kapena moyo wa mayi, ndiponso lisachite kampeni yosintha lamulo, ngakhale pogwiritsa ntchito ndalama zochokera kwina. Odana nayo amaitcha lamulo lotseka pakamwa. Apulezidenti a chipani cha Democratic amaichotsa, a Republican amaibwezeretsa. Donald Trump anaikulitsa mu 2017 kuti ikhudze pafupifupi ndalama zonse za zaumoyo, Joe Biden anaichotsa mu 2021, ndipo Trump anaibwezeretsanso mu Januwale 2025, chaka chomwe bungwe la boma la America lothandiza mayiko ena la USAID linatsekedwa. Mabungwe akuluakulu a MSI, kholo la Banja La Mtsogolo, ndi IPPF, kumene Family Planning Association of Malawi ili membala, akhala akukana kusainira ndondomekoyi. Ndalama zikaduka, zimene zimayamba kusowa nthawi zambiri sizikhudza n'komwe kuchotsa mimba, monga galimoto imene imabweretsa jakisoni wolera kumudzi wakutali. Oichirikiza amayankha kuti okhoma msonkho a ku America ali ndi ufulu wosankha kumene ndalama zawo zipite, ndiponso kuti bungwe lililonse lingathe kusainira n'kupitiriza kulandira.

## Thandizo limene lilipo kale

Pakati pa mkangano wonsewu pali thandizo limene ndi lololedwa koma ambiri salidziwa. Mayi aliyense amene akutaya magazi, watentha thupi kapena akumva kupweteka m'mimba pambuyo pakuti mimba yachoka, kaya yachoka yokha kaya ayi, ayenera kuthandizidwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo malangizo a Unduna wa Zaumoyo amafuna kuti ayeretsedwe m'chiberekero, apatsidwe mankhwala ndi uphungu wa njira zolera. Ambiri amafika mochedwa poopa kuti anamwino aitana apolisi, ndipo kuchedwa kumeneko ndiko kumachititsa kuti ena achotsedwe chiberekero kapena atsirizikire panjira. Kwa munthu amene wagwiriridwa, maola 72 oyambirira ndi ofunika kwambiri, chifukwa m'nthawi imeneyi chipatala chimapereka mankhwala oteteza ku HIV ndi mapiritsi olera a pangozi, amene ntchito yake ndi kuletsa mimba isanayambe ndipo lamulo siliwaletsa, ngakhale mipingo ina imawakayikira. Nkhani ingayambire kupolisi ku nthambi ya Victim Support Unit kapena kuchipatala mwachindunji, ndipo kudikira kuti mabanja awiriwo akambirane kaye za chindapusa kwa amfumu ndiko kumadya maola amenewo.